Citseko ca Nyumba ya Ndege



Tisanayambe nkhani yathu, mmodzi wa inu aimirire, apite ku khomo, atsegule citseko pang'onopang'ono. Enanu yang'anitsitsani. Citseko cija cinali pa khomo, nanga tsopano capita kuti? Cazungulira pa mahinjesi ake ndipo catsamira khoma. Kumudzi, kumene citseko cimakhala ca bango kapena ca mapesi, timangocotsa mpiringidzo ndi kucikankhira pambali. Palibe munthu amene amasowa tulo cifukwa ca zimenezi. Koma alipo anthu ena amene funso lomweli linawazunguza mutu zaka zambiri, ndiwo omanga nyumba zosungiramo ndege, zimene Angerezi ndi Afalansa amazicha hangar.

Ndege zoyamba zinali za matabwa opepuka, mawaya ndi nsalu. Mvula inkazionongeratu, ndipo mphepo ya usiku umodzi inkatha kuzigubuduza ngati dengu. Ndege za masiku ano ndi zolimba, zimagona pabwalo, koma amakaniko akafuna kumasula injini afunabe malo opanda fumbi ndi mvula. Tsono nyumba ya ndege isiyana ndi nyumba zina zonse pa cinthu cimodzi. Ng'ombe imalowa m'khola pa khomo lopapatiza, basi yaikulu imalowa m'galaji pa khomo la mamita anayi, koma ndege imalowa mapiko ali cotambasula. Simungaimike mzati pakati pa khomo lake. Khoma lonse la kutsogolo liyenera kucoka m'mawa ndi kubwerera madzulo, ndipo khoma limenelo ndilo citseko.

M'caka ca 1901, abale awiri a ku America, Wilbur ndi Orville Wright, anamanga kanyumba ka matabwa pa mcenga wa ku Kill Devil Hills, m'mbali mwa nyanja ya Atlantic. Nthawi imeneyo anali kuyesa ndege yopanda injini, cifukwa ya injini anadzaulutsa mu 1903. Kanyumbako kanali pafupifupi mamita 5 m'lifupi ndi mamita 7 ndi theka m'litali, pamene mapiko a ndegeyo anali pafupifupi mamita 7, cotero inkalowa cam'mbali, phiko limodzi patsogolo. Khoma la kutsogolo ndi la kumbuyo analipacika pa mahinjesi a pamwamba. Akalikankhira kunja ndi kulikweza, khomo lonse linkatseguka, ndipo citseko cinkasanduka khonde lowapatsa mthunzi. Sungani cithunzi cimeneci m'mutu mwanu, pakuti tidzakomana naconso.

Anthu awiri angathe kukweza citseko ca mamita 5, koma ca mamita 20 sangathe. Pa nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 asilikali ambiri analeka zitseko za matabwa ndi kugwiritsa nchito nsalu. Kampani ya Bessonneau ya ku Angers m'dziko la France, imene nchito yake inali yopanga zingwe ndi nsalu za matenti, inapanga nyumba za mitengo yolumikiza zofoleredwa ndi tenti. Kutsogolo kwake kunali makatani olemera amene ankakokedwa uku ndi uku. Nyumba zotere zinkamasulidwa ndi kunyamulidwa pa malole nkhondo ikasuntha. Koma katani ndi katani basi. Mphepo imaliwomba, imaling'amba, ndipo kuzizira kumalowa. Pa mabwalo okhazikika anayamba kuika zitseko zokankha, zigawo zazikulu zoyenda ndi magudumu pa njanji. Izi zinali zolimba, koma funso lathu lija linabweranso. Kuti khomo lonse litseguke, zigawozo zinayenera kupitirira ngodya za nyumba ndi kukaima kunja, pa mizati yomangidwira nchito imeneyo. Malo amene akanakwana nyumba ina anadyedwa ndi zitseko zongoimirira, ndipo zikaima comweco zinali ngati thanga la ngalawa loyembekeza mphepo.

Apa tiime pang'ono, ticite masamu, cifukwa popanda masamuwa nkhani yotsalayi simungaimve bwino. Mphepo ya mkuntho yothamanga makilomita 100 pa ola imakankha khoma ndi mphamvu yolingana ndi makilogramu pafupifupi 50 pa sikweya mita iriyonse. Citseko ca kalasi lanu ciri pafupi ndi masikweya mita awiri. Ndiye kuti pa mkuntho wotere cimakhala ngati atsamiritsapo matumba awiri a cimanga. Ndiponso mphepo ikawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Amene munaonapo malata a sukulu akukanganuka pa mvula yoyamba mudziwa kale kuti mphepo siseka ndi munthu.

Amene anayamba kuwawidwa kwambiri ndi mphepo ya pa khomo anali eni a zibaluni. Izi zinali zombo za mumlengalenga zazitali ngati cisononkho ca cimanga, zodzazidwa ndi mpweya wopepuka, zokhala ndi injini ndi malo a anthu kunsi kwake. Zinali zazikulu koopsa koma zosalimba, ndipo nthawi yoopsa koposa pa ulendo wonse inali yotuluka m'nyumba, pamene theka liri kunja, theka liri mkati. Pa 24 Sepitembala 1911, ku Barrow-in-Furness m'dziko la England, anali kutulutsa cibaluni coyamba ca asilikali a pamadzi a Britain, cotalika mamita 156, cimene anthu anacipatsa dzina lakuti Mayfly. Amisiri anali atacotsa kale citsulo ca kunsi kwake pofuna kucipeputsa, cotero msana wake unali wofooka. Mphepo inawomba ca m'mbali ndipo cinathyoka pakati anthu akuona. Sicinaulukepo ngakhale tsiku limodzi.

Ku Germany, Ferdinand von Zeppelin anali ataliona kale vuto limeneli. Nyumba ya cibaluni cake coyamba, cimene cinauluka pa 2 Julayi 1900, anaimanga yoyandama pa nyanja ya Constance, yomangiriridwa mbali imodzi yokha, kuti izitembenuka yokha monga mwa mphepo. Pofika 1914 asilikali a ku Germany anali ndi nyumba ya citsulo ku Nordholz imene inkazungulira yonse pa njanji, ndi zibaluni ziwiri mkati mwake. Taganizani, kutembenuza nyumba yathunthu cifukwa ca khomo! Inali nzeru ndithu, koma yodya ndalama zosaneneka, ndipo owerengeka okha ndiwo anaitsanzira.

Ku Akron, m'cigawo ca Ohio ku America, anayesa njira ina mu 1929. Kumeneko kampani ya Goodyear-Zeppelin inamanga nyumba yotalika mamita 358, mamita 99 m'lifupi ndi mamita 64 msinkhu, mopanda mzati ndi umodzi womwe mkati mwake. Mabwalo atatu a mpira wa miyendo angalowemo mondondozana. Katswiri wamkulu wa kampaniyo, Karl Arnstein, ndi anzake anadziwa kuti citseko cafulati coima pambali pa khomo cimasokoneza mphepo ndi kubala akamvuluvulu pamalo pomwe cibaluni citulukira. Cotero anapanga zitseko zokhota. Dulani lalanje pakati, theka lililonse mulidule panayi, musende khoko la cidutswa cimodzi osaling'amba, ndipo mudzakhala ndi cifanizo ca citseko ca ku Akron m'dzanja lanu. Kutsogolo kunali ziwiri, kumbuyo ziwiri. Ciriconse cinkalemera matani pafupifupi 600. Pamwamba cinagwidwa ndi msomali wa citsulo wonenepa masentimita 43, wotalika kuposa munthu wamba, ndipo pansi cinkayenda ndi magudumu pa njanji yokhota. Potseguka cinkazungulira ndi kukakumbatira nthiti za nyumba, osatambalala kunja, ndipo mamota a magetsi ankatha nchitoyo pa mphindi zisanu.

Nyengo ya zibaluni inatha cibaluni ca Hindenburg citapsa mu 1937. Koma ndege za mapiko zinali kukula caka ndi caka, ndipo eni ake sakanatha kulipira zitseko za matani 600. Anafuna citseko cotsegula khomo lonse, cosadya malo kunja, cotheka kutsegula pang'ono pokha ngati wolowa ndi munthu ndi wilibala. Yankho lake linacokera kumene simungayembekeze. Linacokera ku sukulu.

Ku Stevenage, kumpoto kwa London, kunali fakitale ya kampani yochedwa Educational Supply Association. Nchito yake inali kupanga madesiki, mipando ndi zipangizo zina za m'kalasi. Masukulu ambiri a ku England anali ndi cipinda cimodzi cacikulu, cimene cinkafunika cathunthu pa nthawi ya msonkhano wa m'mawa, koma cogawika pa nthawi ya maphunziro. Aphunzitsi amene munaphunzitsapo makalasi awiri pansi pa denga limodzi mudziwa cimene ndikunena. Kampaniyo inkapanga makoma opinda, a matabwa aatali opapatiza olumikizidwa ndi mahinjesi, oyenda pa kanjanji. Mphunzitsi akakankha, khoma linkapindika ngati kodiyoni ndi kukaunjikana pa ngodya. Anazipatsa dzina lakuti Esavian, potenga cilembo coyamba ca liwu lililonse la mau atatu a dzina la kampani. Kenaka anaona kuti khoma logawa kalasi likhoza kukulitsidwa, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 zitseko za Esavian zinali zodziwika pa mabwalo a ndege.

Ubwino wa kupinda ndi wotere. Citseko cokankha, ngakhale mucisunthe motani, m'lifupi mwake simucepa, ndipo ciyenera kupeza malo ena olingana naco. Citseko copinda cimatembenuza zigawo zake kuti ziime cam'mbali, cimodzi kumbuyo kwa cinzake, monga mabuku pa shelefu. Buku likagona pa tebulo limadya malo a dzanja lotambasula, koma likaima pa shelefu limadya malo a zala ziwiri. Motero khoma lalitali limasanduka mtolo waung'ono pa ngodya ya khomo, mkati mwa malire a nyumba, kumene mphepo siripeza.

Mayeso aakulu a nzeru imeneyi anafika nkhondo yaciwiri itatha. Boma la Britain linafuna ndege yonyamula anthu 100 mwaulemu kucokera ku London kufika ku New York, ndipo nchitoyo inapatsidwa kwa kampani ya Bristol ku Filton. Ndegeyo inachedwa Brabazon. Inali ndi injini 8, ndipo mapiko ake anatambalala mamita 70, kuposa a Boeing 747 yoyamba imene inadza zaka 20 pambuyo pake. Pokulitsa bwalo loti inyamukirepo anagwetsa mudzi wa Charlton ndi kusamutsa anthu ake. Anamanganso nyumba ya zipinda zitatu zogundizana, zonse zoyang'ana mbali imodzi, ndipo khomo lake linapitirira mamita 300 m'lifupi ndi mamita pafupifupi 20 msinkhu. Opanga madesiki aja ndiwo anapanga zitseko zake.

Tengani makope anu. Mamita 300 kuculukitsa ndi 20 ndi masikweya mita 6,000. Pa mkuntho wathu uja, sikweya mita iriyonse isenza makilogramu 50, ndiko kuti thumba limodzi la cimanga. Zitseko za ku Filton zinayenera kukhala zokonzeka kukankhidwa ndi matumba 6,000, ndiwo matani 300, koma zikhalebe zopepuka kuti mamota azisunthe. Matabwa sakanakwanitsa, ndipo citsulo cikanalemera kwambiri. Anasankha aluminiyamu, yemwe uja wa mapoto a kunyumba, amene kulemera kwake ndi limodzi mwa magawo atatu a citsulo ca msinkhu womwewo. Mafakitale anali atazolowera kale kumuumba popanga ndege za nkhondo.

Palinso cinthu cina cimene maso saona msanga. Citseko cacikulu cingapacikidwe ku denga kapena kuimikidwa pansi. Kucipacika kumaoneka kwabwino, cifukwa pansi pamakhala posalala, koma denga lopanda mzati liri kale ndi nchito yaikulu yodzinyamula lokha. Cifukwa cace zitseko zazikulu kwambiri zimaimikidwa pa magudumu oyenda pa njanji ya pansi, ndipo ku denga kumakhala ngalande yongozitsogolera ndi kuzigwira kuti mphepo isazigwetse. Komanso denga la citsulo silikhala duu. Dzuwa likatentha limafutukuka, usiku limabwerera, ndipo kumaiko ozizira cipale cikaunjikana limatsika pang'ono. Ngati mmisiri sanasiye mpata m'ngalande ija, denga limapana citseko, ndipo ndege ya ndalama zambirimbiri imakhala mkaidi m'nyumba mwake.

Brabazon inauluka koyamba pa 4 Sepitembala 1949, woyendetsa ali Bill Pegg. Palibe kampani ya maulendo imene inafuna kuigula, ndipo mu 1953 inaphwasulidwa. Koma nyumba yake ndi zitseko zake zinagwirabe nchito. M'menemo munamangidwa ndege za Britannia, ndiponso za Concorde, zothamanga kuposa liwiro la mau. Concorde yoyamba ya ku Britain inanyamuka pa bwalo lomwelo pa 9 Epulo 1969. Bwalo la Filton linatsekedwa mu 2012.

Ndisakunamizeni kuti citseko copinda ciribe zovuta. Citseko ca kalasi lanu ciri ndi mahinjesi awiri kapena atatu, koma mudziwa kulira kwake cikasowa mafuta. Citseko copinda ca nyumba ya ndege ciri ndi mahinjesi mazanamazana, ndipo limodzi likacita dzimbiri zigawo zonse zimaima. Pa mfundo iriyonse pali mpata wolowera fumbi ndi mphepo, umene uyenera kutsekedwa ndi mphira, ndipo mphira imauma ndi dzuwa. Njanji ya pansi imadzaza mcenga ndi timiyala, kapena madzi oundana kumaiko ozizira. Kuganiza kwanga, munthu wosesa njanji m'mawa uliwonse ali ndi mbali yaikulu m'mbiri imeneyi, ngakhale mabuku samuchula. Cifukwa ca zovuta zimenezi nyumba zambiri zazikulu zinapitirizabe ndi zitseko zokankha, zoyenda pa njanji zingapo zoyandikana kuti zigawo zizibisalana.

Amisiri ena anafunsa kuti, ngati m'mbali muli mavuto otere, bwanji osapindira kumwamba? Pa mabwalo aang'ono, makamaka ku America, kumene alimi ndi anthu wamba ali ndi tindege tawo, munafala citseko ca zigawo ziwiri zogona, capamwamba ndi capansi, zolumikizidwa ndi mahinjesi pakati. Mota imakulunga zingwe zomangidwa ku mlomo wa pansi, citseko cimapinda pakati monga bondo, bondolo limatulukira kunja, ndipo conse cimakwera ndi kukhala khonde pamwamba pa khomo. Njanji palibe, cosesa palibe. Koma kulemera konse kumakhala pa mtanda wa pamwamba, citseko copindika cimadya pang'ono msinkhu wa khomo, ndipo cingwe cikaduka cimagwera anthu ndi ndege. Poyamba ankagwiritsa nchito zingwe za waya, zimene zimatha mwakacetecete, kawaya kamodzikamodzi. Pambuyo pake ena anayamba kuika malamba afulati a nayiloni, angapo pa citseko cimodzi, amene kutha kwake kumaoneka ndi maso. Lamba akamadzikulunga pa mtengo wake mpukutu umanenepa, cotero citseko cimayamba pang'onopang'ono ndi kufulumira cikamakwera. Enanso anacotseratu mfundo ya pakati, nasiya cigawo cimodzi copacikidwa pamwamba, cokankhidwa ndi mikono ya mafuta ngati ija yokweza ngolo ya lole yotaya mcenga. Mwacizindikira? Ndi citseko ca abale a Wright cija, kungoti minofu ya anthu yalowedwa m'malo ndi pampu.

Nsalu ya Bessonneau nayonso inabwerera. Ndege ya Airbus A380 iri ndi mapiko a mamita pafupifupi 80, ndipo mcira wake umafika mamita 24 kucokera pansi. Pa nyumba zina za ndege zazikulu zotere pali zitseko za nsalu yolimba yopakidwa pulasitiki, yokhala pawiri, ndi mitanda ya aluminiyamu yogona pakati pake. Malamba akakoka mtanda wa pansi, mitanda imanyamulana umodziumodzi, ndipo nsalu imapindika ndi kukaunjikana pansi pa denga. Khomo limagawidwa ndi mizati kuti nsalu ipirire mphepo, koma mizatiyo nayonso imapindidwira kumwamba nsalu zikakwera. Cigawo ca pakati cimapangidwa cacitali kuposa zinzake cifukwa ca mcira, pakuti palibe cifukwa cokwezera khomo lonse pamene cacitali ndi mcira wokha.

Aphunzitsi, nayi nchito ya ana sabata ino. Gulu lililonse lipeze katoni yopanda kanthu, licotse mbali imodzi yonse kuti ikhale khomo, ndipo lipange ndege ya phesi kapena ya waya imene mapiko ake angotsala pang'ono kukhudza mbali zonse ziwiri za khomolo. Gulu lina lipange citseko cokankha, lina copindira m'mbali, lina copindira kumwamba, pogwiritsa nchito pepala lolimba, ulusi ndi timitengo. Ana ayeze ndi rula malo amene citseko ciriconse cadya cikatseguka, alembe m'makope. Kenaka atseke zitseko zonse, mwana mmodzi aime patali phazi limodzi ndi kukupiza ndi cikuto ca buku, poyamba pang'ono, kenaka ndi mphamvu, ndipo anzake aone citseko cimene ciyambe kugonja, ndi malo enieni pamene cagonjera.